Pepala la kwaya, la kiyibodi ndi la lipenga: bwanji nyimbo ya Khirisimasi ikukangana yokha?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa m'boma la Dedza. Ndalidula pang'ono:

"Aphunzitsi, ndimatsogolera kwaya ya anthu 26 pa mpingo wathu. Timaimba ndi solofa, yomwe ndinaphunzira kwa malemu bambo anga. Chaka chino akulu a mpingo atipempha kuti tikonze mwambo wa nyimbo za Khirisimasi usiku wa pa 24 Disembala. Mchemwali wanga wa ku Leeds, ku England, watitumizira buku lalikulu la timadontho pa mizere. Mnyamata wathu wa kiyibodi watenga pa intaneti mapepala a mawu okhala ndi zilembo G, C, D pamwamba. Mwana wa mkulu wa mpingo, amene amaimba lipenga kusukulu kwake, wabweranso ndi ake. Titayesa pamodzi, nyimbo yomwe takhala tikuimba kuyambira tili ana inamveka ngati anthu akukangana pa mjigo. A aluto anangosiyira panjira. Kodi mapepalawa asiyana pati? Kapena solofa yathuyi ndi yachikale, tiisiye? Tatsala ndi masabata 7."

Mayi, mtima ukhale m'malo. Kwaya yanu ilibe vuto. A aluto anu ali ndi makutu abwino, ndipo n'chifukwa chake anakhala chete: anamva kuti pali liwu lomwe likuwagunda. Mnyamata wa kiyibodi sanalakwe, wa lipenganso sanalakwe. Chachitika n'chakuti pepala lililonse mwa atatuwo linalembedwera munthu wake, ndi mlembi wake, ndipo palibe amene anawakhazika pansi kuti amvane. Ndaphunzitsa makwaya zaka zoposa 30, ndipo dandaulo ngati lanuli limandipeza chaka chilichonse mvula yoyamba ikangogwa. Masabata 7 ndi okwanira.

Ndiyambe ndi solofa, poti ndi pomwe mtima wanu ukuwawa. Musaisiye. Kalembedwe kameneka kanabadwira ku England. Mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover, ndiye ankaphunzitsa ana kuimba ndi zilembo zoyamba za do, re, mi, ndipo mbusa John Curwen anatenga njira yakeyo kuyambira mu 1841, naikonza, naifalitsa. Ankafuna kuti munthu wosauka, wopanda piyano m'nyumba, athe kuwerenga nyimbo, ndipo wosindikiza aliyense wokhala ndi zilembo wamba ankatha kuisindikiza motchipa. Amishoni a ku Scotland amene anafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 anachokera kudziko komwe solofa inali itafala kale, ndiye analowa nayo m'masukulu awo. Ku South Africa inazikanso mizu. Enoch Sontonga analemba m'solofa nyimbo yake ya mu 1897, yomwe chuni chake ndi chimene anzathu a ku Zambia amaimbira nyimbo ya fuko lawo mpaka lero. Chomwe bambo anu anakusiyirani si chinthu chochita nacho manyazi.

Mphamvu ya solofa ili poti do amasamuka. Woimba solofa saona dzina la liwu, amaona ubale wake ndi do. Akangomva do, mi amamupeza yekha, so amamupeza yekha. Mukaona kuti nyimbo yakwera kwambiri, mumangofufuta kamzere ka pamwamba kamene kamati "Doh is G" n'kulemba "Doh is F", basi, china chilichonse chikhala momwemo. Wa sitafu, kalembedwe ka timadontho pa mizere kaja, kuti achite zomwezo ayenera kulembanso tsamba lonse.

Pomwe solofa imavulalira ndi pa zizindikiro za nthawi. Mzere woimirira umasonyeza biti yamphamvu, timadontho tiwiri biti yofooka, kadontho kamodzi kamadula biti pakati, chizindikiro cha koma (,) chimaidulanso kawiri, kamzere kogona kamati gwiritsitsani liwu, ndipo malo opanda kanthu ndi mpumulo. Onani chiyambi cha Silent Night:

| s :- .l :s | m :- :- |

Kadontho kali patsogolo pa l ndi kamene kamachititsa nyimboyi kugwedezeka ngati mwana ali kumsana. Fotokope ikatuluka yotuwa, kadontho kameneko n'kusowa, kapena wokopera m'kope n'kukaiwala, nyimbo imasanduka yoguba. Chimodzimodzinso timizere ting'onoting'ono ta pamwamba kapena pansi pa chilembo, tosonyeza do wam'mwamba ndi so wapansi. Ndaonapo a besi akukwera pomwe amayenera kutsika chifukwa pepala linanyowa m'thumba pochokera kumunda, kachizindikiro n'kufufutika. Ndiye pepala loyamba lembani ndi dzanja lanu, ndi peni yakuda, mabaa (zigawo za pakati pa mizere yoimirira) a mawu onse anayi atayang'anizana ndendende, ndipo mafotokope onse azichokera pa limenelo, osati kukopa chokopa.

Chofooka china n'chakuti wa kiyibodi sangawerenge mizere inayi ya zilembo nthawi imodzi n'kuiika m'zala, ndipo nyimbo zambiri zimene zili pa intaneti sizili m'solofa. Apa ndi pomwe buku la mchemwali wanu lili ndi ntchito.

Bukulo lili m'kalembedwe ka sitafu: mizere isanu, timadontho tokhala pamzere kapena pampata. Kadontho kakakwera, liwu lakwera. Maonekedwe ake, kakuda kapena koboola pakati, ka mchira kapena kopanda mchira, ndiwo amanena kutalika kwa nthawi. Amene anakonza kalembedwe ka pa mizere, Guido wa ku Arezzo m'dziko la Italy, zaka pafupifupi 1000 zapitazo, ndi yemwenso anatipatsa maina a re, mi, fa, la. Solofa ndi sitafu ndi ana a nyumba imodzi.

Mukalitsegula mupeza masamba a mitundu iwiri, ndipo kuwasiyanitsa kukupulumutsani ku mavuto ambiri. Ena ali ndi magulu awiri okha a mizere omangidwa pamodzi, mawu a nyimbo ali pakati. Gulu la pamwamba ndi la sopulano ndi aluto, la pansi ndi la tena ndi besi. Kamtengo ka kadontho kakaloza m'mwamba ndi ka sopulano kapena tena, kakaloza pansi ndi ka aluto kapena besi. Onse amayamba pamodzi, amatchula mawu pamodzi, amathera pamodzi, monga zimakhalira m'mabuku a nyimbo za m'tchalitchi. Masamba amenewa ndiwo anu. Nyimbo imodzi yotere mutha kuisandutsa solofa madzulo amodzi, ndipo wa kiyibodi wodziwa sitafu amaimba chomwecho chimene kwaya ikuimba.

Masamba ena ali ndi gulu la mizere pa liwu lililonse, anayi, kenako awiri a piyano kapena limba pansi pake. Awa ndi a kwaya yokonzeredwa mwapadera. Limba limayamba lokha mabaa angapo, a tena amalowa pawokha, a aluto amadikira akuwerenga mpumulo, ndipo ndime iliyonse imatha kukhala ndi kakonzedwe kake. Pa masamba otere mzere wa tena umalembedwa ndi chizindikiro chofanana ndi cha sopulano, kaŵirikaŵiri chili ndi ka 8 pansi, kutanthauza kuti amuna aimbe m'mawu awo achimuna, osati kuthamangira kumwamba komwe timadontho tikuoneka.

Chenjerani makamaka ndi ndime yomaliza. M'mabuku a ku England kumakhala chomwe amati descant, kachuni kena kokwera kamene a sopulano ochepa amaimba pamwamba pamene ena onse akuimba chuni chimodzi. Mwambo wa mawerengo 9 ndi nyimbo za Khirisimasi unayambira ku Truro mu 1880, n'kutchuka ku King's College ku Cambridge kuyambira mu 1918, ndipo ma descant odziwika kwambiri ndi a David Willcocks, amene anatsogolera kwaya ya kumeneko ndipo anawatulutsa m'buku mu 1961. Ndi okoma zedi, ndimawakonda. Koma pa ndime imeneyo limba limasintha ma chord onse (maliwu angapo olizidwa pamodzi), podalira kuti kwaya yasiya mawu anayi. A aluto, a tena ndi a besi akapitiriza mizere yawo ya ndime yoyamba pamene wa kiyibodi akuimba za ndime yomaliza, mkangano wa pa mjigo uja ubweranso. Mukafuna descant, sankhani atsikana atatu kapena anayi amene amafika m'mwamba osakuwa, ena onse aimbe chuni cha sopulano, ndipo chitani zimenezi pa nyimbo imodzi yokha usiku wonsewo.

Kusandutsa sitafu kukhala solofa kumayamba ndi kupeza do. Yang'anani kumayambiriro kwa mizere. Ngati pali mashapu, timakhala ngati kampanda kopingasa, shapu yomalizira kudzanja lamanja ili pa ti, ndiye do ali pamwamba pake pompo. Ngati pali mafulati, timakhala ngati b wamng'ono, fulati yomalizira ili pa fa, ndiye tsikani fa, mi, re, do. Popanda chilichonse do ndi C. Shapu imodzi ndi G, awiri ndi D. Fulati imodzi ndi F, awiri ndi B fulati. Mukampeza do, gwirani lamulo ili: do akakhala pamzere, mi ndi so ali pa mizere iwiri yotsatira, akakhala pampata, iwonso ali pa mipata. Kumbukirani kuti gulu la pansi, la tena ndi besi, lili ndi chizindikiro chake, choncho do wawo sakhala pamalo amodzi ndi wa amayi; mumpezenso ndi shapu kapena fulati yomalizira ya pa gulu lawolo. Nyimbo ina ikamamveka yachisoni n'kuthera pa la, musaikonze, ndi mmene ilili.

Tsopano mapepala a mnyamata wanu wa kiyibodi, omwe ndikuwakayikira koposa onse. Alipo a mitundu iwiri. Lina amati lead sheet: mzere umodzi wa chuni m'sitafu, mawu pansi, zilembo za ma chord pamwamba. Lina, lomwe ndi limene wapezalo, ndi mawu okha ndi zilembo, lopanda chuni, lopanda biti. Mapepala otere analembedwera munthu wa gitala kapena bandi yoperekeza woimba mmodzi. Amene anawalemba sankaganiza za aluto kapena tena. Anasankha ma chord ochepa amene amakwanira pa chuni chokha, ndipo pa chuni chokha amamveka bwino ndithu. Koma nyimbo ya mawu anayi imasintha chord pafupifupi pa biti iliyonse, ndipo mawu a m'kati amadutsa m'malo amene pepala lophwekalo silikuwadziwa.

Tengani O Come, All Ye Faithful, yomwe mabuku ambiri amaiika mu G. Pothera pa mzere wachiwiri, pomwe Chingerezi chimatchula Bethlehem, nyimboyi imapatukira kwakanthawi ku D, ndipo liwu limodzi la m'kati limaimba fe, fa wokwezedwa theka, yemwe pa kiyibodi ndi C shapu. Chord yoyenera pamenepo ndi A. Mnyamata amene dzanja lake linazolowera ma chord a 1, 4, 5 (a pa do, fa ndi so) akagunda C wamba pamalo amenewo, ndiye kuti fa ndi fe akumveka nthawi imodzi, ndipo palibe khutu limene lingapirire zimenezo. Ndikukhulupirira kuti malo ngati amenewa ndi pomwe a aluto anu anasiyira.

Musamukalipire pamaso pa kwaya. Anyamata athu ambiri anaphunzira kiyibodi ndi khutu, poonera anzawo, ndipo khutu lomwelo ndi limene litithandize. Muitaneni tsiku lake, inu, iye ndi anthu anayi, mmodzi pa liwu lililonse. Aimbe pang'onopang'ono, aziima pa liwu lililonse, iye azifufuza pa kiyibodi zimene akumva n'kulemba chilembo pamwamba pa solofa yanu. Mzere wa besi ndiwo umutsogolere: besi akakhala pa do kaŵirikaŵiri chord ndi 1, pa fa ndi 4, pa so ndi 5, pa la ndi 6, ndipo dzanja lake lamanzere lizingotsata besi wa kwaya osapanga wakewake. Pomwe zamuvuta, aimbe besi ndi chuni zokha, pakati asiyire kwaya. Mapepala a pa intaneti aja awasunge, adzagwira ntchito tsiku limene achinyamata adzaimbe ndi gitala popanda mawu anayi. Ndipo muzimitse ng'oma za m'kiyibodi pa nyimbo zimenezi. Makinawo sadikira munthu kupuma pothera mzere.

Za lipenga ndi nkhani imene imandikhudza. Chaka china, pa mpingo wina wa m'mbali mwa nyanja, ndinapatsa mnyamata wa lipenga pepala la kwaya kuti ayambe yekha nyimbo yotsegulira. Tsiku lokonzekera sanabwere chifukwa mtsinje unadzaza, ndipo ine sindinamuyese. Usikuwo anaimba bwino, mosaphonya kadontho. Kwaya inatenga do kwa iye, wa kiyibodi analowa pa do wolembedwa papepala, ndipo tchalitchi chonse chinamva kuti zinthu zapatukana. Tikutuluka ndinamupeza kuseri atakhala pa njerwa, lipenga lili pamiyendo, akulira. Anali asanalakwitse kanthu. Udindo womuuza unali wanga.

Lipenga la trumpet kapena cornet ndi la B fulati. Woliza akawerenga C n'kuliza, chomwe chimatuluka ndi B fulati, sitepe imodzi pansi. Choncho pepala lake liyenera kulembedwa sitepe imodzi pamwamba pa la kwaya. Kwaya ikakhala mu G, iye awerenge mu A. Ikakhala mu F, iye mu G. Ikakhala mu B fulati, iye mu C. Alto saxophone ndi tenor horn ndi za E fulati, ndipo kwaya ikakhala mu F izo zimawerenga mu D. Mapepala amene mwanayo wabwera nawo ayenera kuti ndi a bandi ya kusukulu, osamutsidwa kale, koma osamutsidwira ku kiyi (malo a do) ya bandiyo, osati ya buku lanu. Tsono muuzeni alize do wa papepala lake, wa kiyibodi amufufuze. Akapezeka, mwachitsanzo, kuti ndi F pamene inu mumaimba mu G, njira yachidule ndi yakuti kwaya isamukire kwa iye, poti a solofa kusamuka sikuwavuta. Onaninso ngati pepala lakelo ndi la chuni. Likalembedwa kuti 2nd kapena 3rd Cornet, ndi liwu la m'kati la bandi, lokonzedwa ndi munthu wina, ndipo likhoza kulimbana ndi aluto wanu. Pa mwambo ngati wanu lipenga liimbe chuni chokha, pa ndime yoyamba ndi yomaliza, litaloza kumbali osati m'makutu a sopulano.

Tanena zosamuka, ndiye tinenepo za kiyi. Silent Night inaimbidwa koyamba ku Oberndorf, m'dziko la Austria, usiku wa pa 24 Disembala 1818. Mawu anali a wansembe Joseph Mohr, chuni cha Franz Gruber, ndipo anaimba awiriwo ndi gitala. Zolemba zakale zimaionetsa mu D, m'biti ya 6/8. Lero muipeza mu C, mu B fulati, ndipo kaŵirikaŵiri m'biti ya 3/4. Mapepala onsewa ndi oona, kungoti sangaimbidwe pamodzi. Chuni chake chimayenda kuchoka pa do wapansi mpaka fa wam'mwamba. Mu D, fa ameneyo ndi G wokwera, yemwe mpingo wamba sungamufike. Mu B fulati, fa ameneyo ndi E fulati, ndipo agogo a kumabenchi akumbuyo atha kuimba nanu. Nyimbo iliyonse imene mpingo uimbe nawo, yang'anani liwu lake lokwera koposa lisapitirire D kapena E fulati, kenako funsani a besi ngati sakukwiririka pansi.

Wa kiyibodi adzakuuzani kuti pali batani la transpose losamutsira kiyi, ndipo n'zoona, limathandiza. Koma lembani nambala yake papepala la nyimbo iliyonse, ngakhale itakhala 0, chifukwa kuiwala kulibweza n'kumene kumagwetsa nyimbo yotsatira. Magetsi akathima n'kuyakanso, makiyibodi ambiri amabwerera pa 0 osauza munthu. Usiku wa mvula wa Disembala zimenezi si zachilendo, choncho khalani ndi kapulogalamu kopereka liwu pa foni, ndipo nyimbo iliyonse muiyesepo kamodzi popanda choimbira.

Pali msampha wina umene buku la ku Leeds ndi intaneti zingakutchereni limodzi: mawu amodzi, machuni awiri. Away in a Manger ku Britain amaiimba m'chuni cha William Kirkpatrick cha mu 1895, pamene ku America ambiri amaiimba m'chuni cha James Murray cha mu 1887. Mutu ndi womwewo, ndiye wotenga pa intaneti sadziwa kuti watenga china. Musanasindikize chilichonse, imbani mabaa anayi oyamba a pepala lililonse. M'mabuku a tchalitchi chuni chimakhala ndi dzina lakelake pamwamba pa tsamba, pamodzi ndi manambala ngati 8.6.8.6, omwe amawerenga maphatikizo a mzere uliwonse. Manambalawo ndi othandiza mukamaika mawu a Chichewa pansi pa chuni chochokera m'buku la Chingerezi.

Ndipo apa musathamange. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene mizere yambiri ya nyimbo za Chingerezi imathera pa phatikizo lamphamvu. Mawu athu ndi aatalinso. N'chifukwa chake omasulira akale ankadula, Mulungu n'kukhala Mlungu, Ambuye n'kukhala Mbuye, kuti zikwane. Mukatenga mawu m'buku lathu la nyimbo n'kuwaika pansi pa sitafu ya ku England, lembani phatikizo lililonse pansi pa liwu lake, ndime zonse, osati yoyamba yokha. Pomwe maphatikizo achuluka, gamulani inuyo kuti adulidwa pati, ndipo onse alembe chimodzimodzi. Dziwaninso kuti mpingo wanu mwina unasintha kale malo ena a chuni pa zaka zonsezi, kukoka apa, kutsetsereka apo. Pa nyimbo yoimba ndi mpingo, tsatani mpingo. Anthu 400 simungawakonze usiku umodzi, ndipo maimbidwe awowo ali ndi kukoma kwake.

Anzanu a Katolika ku Bembeke kapena ku Mua akadzakubwerekani buku lakale la mizere inayi ndi timadontho ta makona anayi, dziwani kuti ndi la nyimbo za Chilatini za liwu limodzi, zopanda mabaa owerengeka. Si za mwambo wanu uno.

Chomwe ndikupempha n'chakuti pa pulogalamu yanu musasowe nyimbo zathu za kubadwa kwa Yesu, zija wotsogolera amaponya ena n'kuvomera, za ng'oma, chisekese ndi m'manja. Zambiri sizinalembedwepo, ndipo solofa kapena sitafu sizigwira bwino kutsetsereka kwa liwu ndi kupingasana kwa ng'oma. Pepala lake ndi foni: jambulani amayi amene amazidziwa, liwu lililonse palokha, kenako lembani mawu ndi mafupa a chuni m'kope la kwaya, pamodzi ndi dzina la amene anapeka ngati likudziwika. Nyimbo zimenezi ndi zomwe zimadzutsa tchalitchi pakati pa usiku, ndipo zimatha msanga eni ake akamwalira.

Pa za umwini ndinene mwachidule. Chuni chakale ngati cha Gruber, amene anamwalira mu 1863, ndi cha aliyense. Koma kakonzedwe katsopano ka chuni chakale kali ndi mwini wake, ndipo m'maiko ambiri umwiniwo umapitirira zaka 50 kapena 70 iye atamwalira. Willcocks anamwalira mu 2015. Yang'anani pansi pa tsamba musanapange fotokope. Makonzedwe akale aulere a mawu anayi amapezeka pa intaneti, pa CPDL ndi pa Hymnary.org. Mukaganiza zojambula mwambo wanu kuti mugulitse kapena kuuika pa YouTube, yambani mwafunsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zolemba m'Malawi.

Nanga masabata 7 aja? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo buku latsopano limakopa. Ino ndi nyengo yobzala ndi kupalira, anthu anu azifika mochedwa ndi matope m'miyendo, ena osafika. Sankhani nyimbo 6 kapena 7, zatsopano zisapitirire ziwiri. Sabata yoyamba ikhale yanu ndi anyamata awiriwo, popanda kwaya. Pa nyimbo iliyonse sankhani tsamba limodzi likhale kholo, ndipo solofa ya kwaya, zilembo za kiyibodi ndi pepala la lipenga zonse zibadwe kuchokera pa tsamba limenelo, manambala a mabaa atalembedwa ofanana, kuti mukati "tiyambire pa 9" aliyense adziwe pomwe muli. Ngati pali wina wa kompyuta, pulogalamu yaulere ya MuseScore imaliza liwu lililonse palokha, ndipo mutha kutumiza pa WhatsApp kuti a tena azimvera akupita kudimba. Zoimbira zilowe pa sabata yachinayi, kwaya itaima kale payokha.

Pali malo atatu amene ndikufuna mufune thandizo osadikira. Nyimbo ikasintha mashapu kapena mafulati pakati pa tsamba, solofa yake imafuna liwu lolumikizira do wakale ndi watsopano, ndipo kulakwitsa pamenepo kumasokoneza zonse zotsatira. Mukakopeka ndi Hallelujah ya Handel, yomwe ili mu D ndipo a sopulano amafika pa A wam'mwamba, musaisandutse nokha. Solofa yake yosindikizidwa ilipo, funsani kwa atsogoleri a makwaya akuluakulu, ndipo ine ndikanaisungira Pasaka. Malo achitatu ndi kulemba pepala la lipenga ngati mwanayo sanaphunzire kusamutsa: mphunzitsi wake wa bandi, kapena woimba wa bandi ya apolisi, ya asilikali kapena ya Salvation Army, amachita zimenezi m'mphindi zochepa. Inu mukafuna kuphunzira sitafu mozama chaka chamawa, ku Music Crossroads ku Lilongwe sikutali ndi kwanu, ndipo ku University of Malawi ku Zomba kuli aphunzitsi a nyimbo. Wodziwa solofa ngati inu amaigwira msanga. Ndipo woimba wanu wina mawu akasasa masabata atatu osabwerera, kapena akamamva kuwawa pomeza, asiye kuimba apite kuchipatala, asamangodalira ndimu ndi uchi.

Jambulani tsamba loyamba la nyimbo imene inakanganitsa anthu ija, la m'buku, la kiyibodi ndi la lipenga, pamodzi ndi solofa yanu, munditumizire. Onetsetsani kuti kumanzere kwa mizere, komwe kuli mashapu ndi mafulati, kukuoneka bwino pachithunzipo.